Kasiteshoni ka njanji ya ku Nayuchi mu sikelo ya 1:64: momwe pulani ikuyendera

Sabata yoyamba: geji, sikelo ndi chipinda

Chimene tikumanga ndi chifaniziro chaching'ono, chochepa ka 64 kuposa chenicheni, cha kasiteshoni kopatukirana sitima, konga timasiteshoni ta pakati pa Nkaya ndi Nayuchi, pa njanji yopita ku doko la Nacala imene inatsegulidwa mu 1970. Sitikukopera siteshoni ina iliyonse. Tangotengako kaonekedwe kake: njanji yaikulu imodzi, ina yopatukira pambali pake, kanjanji kotsitsira katundu, nyumba ya siteshoni ndi milambe. Nyengo yake ndi zaka za m'ma 1970. Sitima za malasha za masiku ano zochokera ku Moatize zimakoka mabogi oposa 100, ndipo palibe chipinda chimene zingakwanemo.

Tisanatsegule n'komwe kompyuta panafunika kugamula za geji, mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji. Njanji ya ku Malawi, monganso ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, zitsulo zake zimatalikirana mamilimita 1067. Njanji yofanizira imene imapezeka mosavuta m'masitolo ndi ya 16.5 mm, yopangira sikelo ya HO, 1:87. Mukachulukitsa 16.5 ndi 87 mumapeza 1435, geji ya ku Ulaya ndi ku America. Mutu wa sitima yathu ukaima pa njanji yotereyi umaoneka ngati watangadza miyendo. Njira zina ndi izi: 1:87 pa njanji ya 12 mm imapereka 1044, 1:120 pa njanji ya 9 mm imapereka 1080, 1:64 pa njanji ya 16.5 mm imapereka 1056. Tasankha yomalizayi, imenenso anthu a ku New Zealand amaigwiritsa ntchito kwambiri pofanizira njanji yawo ya 1067 mm. Yaperewera ndi 1 peresenti yokha, diso silingaione, ndipo mawilo, mamota ndi mapoyinti (zidutswa zopatutsira sitima ku njanji ina) a HO zimagwira ntchito popanda kusintha kanthu. Choipa chake n'chakuti mabogi ndi mitu tiyenera kupanga tokha, komanso chilichonse n'chachikulu kuposa cha HO. Mfundo yachiwiriyi ndi imene yativutitsa kwambiri pa pulani yonseyi.

Chipinda ndi mamita 5.4 kwa 3.6. Siteshoni ikhala m'khoma lalitali, njanji ikhote mbali zonse ziwiri n'kutsata makoma a m'mbali, kumene kudzakhale malo obisika oimikapo sitima. Khoma la 5.4 mu sikelo yathu ndi mamita 346 okha. Siteshoni yeniyeni ndi yaitali kuposa pamenepa, choncho kufupikitsa n'kosapeweka.

Sabata yachiwiri: pulogalamu, ndi pulani yoyamba imene tataya

Tinayesa mapulogalamu atatu ojambulira pulani ya njanji pa kompyuta. AnyRail ndi yosavuta kuphunzira, koma yaulere yake imathera pa zidutswa 50. SCARM imaonetsa bwino chithunzi cha 3D, ndipo yaulere yake nayonso ili ndi malire a zidutswa. XTrackCAD ndi yaulere yonse, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, koma imafuna kuleza mtima masiku oyamba chifukwa mabatani ake sachita zimene munthu akuyembekezera. Takhazikika pa XTrackCAD pa zifukwa ziwiri: imajambula makona olowa pang'onopang'ono, ndipo imalola kuyendetsa sitima pa pulaniyo. Templot ndi ya anthu omanga okha mapoyinti kuchokera pa chitsulo ndi masilipa (mitanda ya pansi pa zitsulo). Ife tigula opangidwa kale, ndiye tailambalala.

Pulani yoyamba inajambulidwa usiku umodzi ndi zidutswa za Setrack za kampani ya Peco: makona a radius (mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika m'mphepete mwake) ya 438 mm, mapoyinti opatuka madigiri 22.5, njanji zisanu pa siteshoni, ndi makona atatu otembenuzirapo mutu. Zidutswa zonse zinalumikizana, pulogalamu sinadandaule paliponse, ndipo pa sikirini inkasangalatsa. Koma 438 mm mu sikelo yathu ndi kona ya mamita 28, yonga ya kanjanji ka mu mgodi. Njanji yaitali pa zisanuzo inkakwana mutu ndi mabogi atatu basi. Makona atatu aja, kuwonjezera pa kudya theka la chipinda, akanachititsa shoti, chifukwa chitsulo cha kumanja chikazungulira chimakakumana ndi cha kumanzere. Pulogalamu imangoona ngati nsonga ziwiri zakumana pa malo amodzi ndi pa ngodya imodzi. Zakuti sitima idutsa, ikwana, kapena zikufanana ndi njanji yeniyeni, siifunsa. Zimenezo muyenera kuiuza nokha m'manambala musanajambule mzere woyamba.

Sabata yachitatu: manambala oyamba kulowetsa

Tayambiranso, koma ulendo uno tayambira pa sitima. Miyeso ya zimene tikupanga, kuchokera pa cholumikizira kufika pa chinzake, ndi iyi: mutu wa dizilo 250 mm, bogi ya katundu 200 mm, bogi ya anthu 280 mm. M'lifupi mwa chachikulu pa zonse ndi 46 mm. Sitima yaitali idzakhala mutu ndi mabogi a katundu asanu ndi limodzi, 1450 mm. Tikawonjezera mpata wa 50 mm kutsogolo ndi kumbuyo, njanji yopatukira iyenera kukhala ndi malo oimapo a 1550 mm. Nambala imeneyi ndi imene ikulamulira zina zonse.

Mu XTrackCAD tasiya sikelo pa HO kuti mapoyinti a Peco aoneke pa mndandanda, koma manambala ena onse talemba athu. Pa Options, Layout, pali polemba radius yochepetsetsa ndi chikweza chachikulu chololedwa. Talembapo 900 mm ndi 1 peresenti. Njanji iliyonse yophwanya malirewa imasintha mtundu pa sikirini, ndipo ndi bwino kusankha mtundu wothobwa m'maso. Pa Preferences pali Connection Angle ndi Connection Distance, malire a kuphonyana kumene pulogalamu imakhululuka polumikiza zidutswa. Zisiyeni pa nambala yochepa. Mukazikulitsa kuti bwalo lokana kutsekeka litsekeke, pa sikirini ziziyenda, koma pa thabwa padzakhala chigongono, ndipo wilo lotsogolera lidzakwera chitsulo pomwepo.

Njanji tasankha Peco Streamline Code 75. Nambala ya Code ndi msinkhu wa chitsulo poyeza ndi zigawo 1000 za inchi. Code 75 ndi 1.9 mm, kutanthauza 122 mm pa njanji yeniyeni, msinkhu woyenera chitsulo chopepukirapo cha nthawi imeneyo. Code 100 ndi 2.5 mm, imene ikanapereka 163 mm, kuposa ngakhale chitsulo cholemera cha UIC54 chimene ndi 159 mm. Chenjezo limodzi: mawilo akale okhala ndi milomo yakuya amagunda timapulasitiki togwira chitsulo pa Code 75, sitima n'kumayenda ikunjenjemera. Mawilo onse akhale a muyeso wa RP25, wa milomo yosazama.

Mapoyinti wamba a Streamline, opatukira kumanja kapena kumanzere, onse amapatuka madigiri 12, koma amasiyana utali ndi kupindika. Laling'ono ndi 185 mm pa radius ya 610. Lapakati 219 mm pa 914. Lalikulu 259 mm pa 1524. Pakati pa laling'ono ndi lalikulu pali 74 mm yokha, osakwana theka la bogi, koma pa maso kusiyana kwake n'kwakukulu. Tatenga aakulu okhaokha pa malo onse oonekera.

Sabata yachinayi: mpata wa pakati pa njanji, ndi kumene utali umatayikira

Apa ndi pamene sikelo yathu inayamba kulimbana ndi zidutswa za HO. Mapoyinti awiri a Streamline akalumikizidwa mwachindunji amasiya pafupifupi 50 mm kuchokera pakati pa njanji ina kufika pakati pa inzake. Kwa HO n'zokwanira. Kwa ife, mabogi awiri a 46 mm akasemphana patsala 4 mm, ndipo chogwirira cha pa khomo chikangotulukira pang'ono zakolana. Tatenga mamita 4 ngati mpata wa pa siteshoni. Kugawa ndi 64 ndi 62.5, ndiye talemba 63 mm pa Separation ya batani la Parallel. Wofuna kulumikiza njanji ziwiri zotere ndi mapoyinti awiri aike kachidutswa kowongoka ka 62 mm pakati pawo. Ndiko kamabweretsa 13 mm yowonjezerayo pa ngodya ya madigiri 12.

Ambiri amayeza njanji yopatukira kuchokera pa poyinti kufika pa poyinti, n'kumaganiza kuti ndiwo malo oimapo sitima. Ayi. Kumapeto kwa poyinti njanji ziwirizo zimakhala zitangotalikirana pafupifupi 25 mm. Bogi itaima pamenepo ingagundidwe ndi sitima yodutsa pa njanji yaikulu. Pa pulani yathu, poyinti ikatha pali kachidutswa kowongoka ka 57 mm, kenako kona yobwerera ya radius ya 1200 mm, yotalika 251 mm, imene imafikitsa njanji pa 63 mm. Mpata wa 52 mm, umene tautenga ngati wochepetsetsa kuti mabogi asakhudzane, umapezeka pafupifupi 140 mm kuchokera kumapeto kwa poyinti. Choncho mbali iliyonse imadya 400 mm: 259 ya poyinti ndi 140 iyi. Malo oimapo a 1550 mm amafuna 2350 mm kuchokera pa nsonga ya poyinti ya kumanzere kufika pa nsonga ya ya kumanja. Pa malo a 52 mm amenewa tidzaika kamtengo kopaka penti yoyera pakati pa njanji ziwirizo, kokumbutsa woyendetsa kuti asaime mopitirira pamenepo.

Njira yachidule yoonera zimenezi pa kompyuta ndi kulemba mabogi anu mu Car Inventory ndi miyeso yake yeniyeni, n'kuwaika pa njanji zonse ziwiri. Akakwerana pa sikirini, adzagundananso pa thabwa. Koma pulogalamu siiliza belu. Sitima imadutsa mu inzake ngati mzukwa. Muyenera kukulitsa chithunzi n'kuyang'ana nokha.

Sabata yachisanu: makona

Tatha sabata yonse pa makona awiri okha, ndipo sitikudandaula.

Njanji yeniyeni sichoka pa mzere wowongoka n'kulowa m'bwalo mwadzidzidzi. Imayamba kupindika pang'ono, kupindikako n'kumakula mpaka kufika pa radius yake. Njanji ya zidutswa zogula siichita zimenezi, ndipo n'chifukwa chake sitima ya chidole imagwedezeka ikalowa pa kona. Mu XTrackCAD zimenezi zili pa batani la Easement. Tasankha Cornu, imene imapindika yokha pakati pa nsonga ziwiri zimene mwaipatsa, n'kumakuonetsani radius yochepetsetsa imene yafikapo.

Polowera pa kona tapereka 400 mm, kuposa bogi yathu yaitali. Polowera potere pamafuna malo m'njira ziwiri. Choyamba, bwalo limasunthira m'kati: utali wa polowera kuchulukitsa ndi wokha, kugawa ndi 24 kuchulukitsa radius. Pa ife ndi 160000 kugawa ndi 21600, ndiye 7.4 mm. N'zochepa. Chachiwiri ndi chimene chimapweteka: theka la polowera, 200 mm, limadya mbali yowongoka. Njanji ya m'khoma la m'mbali ili 150 mm kuchokera ku khoma, ndiye kona iliyonse imatenga 150, 907 ndi 200, zonse pamodzi 1257 mm. Makona awiri akachoka pa 5400 patsala 2886 mm yowongoka. Siteshoni ikufuna 2350. Patsala 268 mm mbali iliyonse. Tinayesa radius ya 1200 mm kuti kona ioneke bwino, koma siteshoni sinakwanenso. Radius ya 900 ndi mamita 58 pa njanji yeniyeni, yothina ndithu, choncho theka lake libisika kuseri kwa mitengo.

268 mm ija inavumbula cholakwa china. Poyamba njanji yopatukira tinaiika chakukhoma. Sitima yochokera ku khoma la kumanzere imakhotera kumanja, ndiye ikanafika pa poyinti yopatukira kumanzere itangoyenda 268 mm. Bogi ya anthu ya 280 mm ikanakhala mutu uli pa kona ina, mchira uli pa inzake, zolumikizira zikukokerana mbali zosiyana. Pokoka zimadutsa, pokankha chobwerera m'mbuyo ndi pamene bogi yopepuka imatuluka. Pakati pa makona otsutsana payenera kukhala powongoka posachepera utali wa bogi yaitali. Tasamutsira njanji yopatukira kutsogolo, mbali ya woonera. Tsopano poyinti ya kumanzere ikupatukira kumanja monga kona yake, ya kumanja ikupatukira kumanzere monga kona yakenso, ndipo vutolo latha popanda kutaya milimita ndi imodzi yomwe. Nyumba ya siteshoni yapita chakukhoma, kumene ikuoneka bwino koposa chifukwa sikutchinganso sitima.

Bogi yaitali ikakhala pa kona, mimba yake imalowa m'kati ndipo nsonga zake zimatulukira kunja. Bogi yathu ya 280 mm ili ndi 190 mm pakati pa magulu ake awiri a mawilo. Pa radius ya 900, mimba imalowa 5 mm, nsonga zimatuluka pafupifupi 6 mm. Mtengo, chulu kapena chikwangwani cha pa kona chikhale 35 mm kapena kuposa kuchokera pakati pa njanji. Tajambula mizere iwiri ya malire amenewa pa Layer yakeyake, gawo la pulani lotha kuonetsedwa kapena kubisidwa palokha.

Chomaliza cha sabata ino: siteshoni yonse taipendeketsa madigiri 2 kuti isayende limodzi ndi m'mphepete mwa thabwa. Njanji yoyenda ndendende ndi m'mphepete imaoneka ngati katundu wa pa shelefu ya sitolo. Pa 2886 mm, madigiri 2 amasuntha njanji 100 mm: kumanzere ili 250 mm kuchokera ku khoma, kumanja 350. Kona imodzi yakhala madigiri 88, inayo 92, ndipo manambala a pamwambawa asuntha ndi mamilimita ochepa.

Sabata yachisanu ndi chimodzi: mlatho wachoka

Panali chikhumbo choika mlatho wonga wa pa Shire ku Liwonde. Palibe malo. Kuti njanji ikwere pamwamba pa mtsinje tinayesa chikweza cha 3 peresenti pa kona ya kumanja, koma kona payokha imalemetsa sitima. Opanga a HO amawerengera motere: 32 kugawa ndi radius mu mainchesi. 900 mm ndi mainchesi 35, ndiye pafupifupi 0.9 peresenti yowonjezera, ndipo mutu ukanamva ngati ukukwera 4 peresenti. Komanso poyambira ndi pothera chikweza pamafunika malo opindikira m'mwamba pang'onopang'ono, apo ayi zolumikizira zimasiyana msinkhu n'kumasuka.

Njanji yonse ikhala pa msinkhu umodzi. Chotsika ndi nthaka. Pa thabwa la pa kona ya kumanja tidula pulaiwudi kuti khwawa litsike 60 mm pansi pa njanji, ndi kamlatho ka mamita 6, kamene ndi 94 mm. Dera la pakati pa Balaka ndi Liwonde ndi lathyathyathya kale, ndiye sitinataye kanthu.

Sabata yachisanu ndi chiwiri: matabwa pansi pa pulani

Pulani imene siionetsa matabwa ndi mafelemu a pansi pake ndi theka la pulani. Tawajambula pa Layer ina, ya mtundu wotuwa. Siteshoni ili pa matabwa atatu a 1200 kwa 600 mm. Pulaiwudi imodzi ya 2440 kwa 1220 imatulutsa anayi otere. 600 mm ndi pamene mkono umafika bwinobwino thabwa likakhala pa msinkhu wa mamita 1.1. A pa kona anali 900 kwa 900, koma njanji inkadutsa polumikizira pachiwiri ili m'katikati mwa kona, mopendekeka kwambiri. Tawakulitsa kukhala 900 kwa 1220, ndipo tsopano ikudutsa itatsala pang'ono kuwongoka.

Polumikizira matabwa pali pa 900, 2100, 3300 ndi 4500 mm kuchokera ku khoma la kumanzere. Poyinti ya kumanzere ili pa 1525 mpaka 1784, ya kumanja pa 3616 mpaka 3875. Zonse zili bwino. Koma poyinti ya kanjanji ka katundu tinaiyambitsa pa 2090, pamene kona yobwerera yathera, ndipo nsonga yake inakhala ndendende pa mpata wa 2100. Poyinti siidulidwa. Taisunthira pa 2160. Kanjanji ka katundu kakuthera pa 3250, kasanafike polumikizira pena, ndipo malo ake oimapo ndi pafupifupi 690 mm, okwana mabogi atatu.

Kanjanjika kakuchoka pa njanji yopatukira, osati pa yaikulu, kuti njanji yaikulu ikhale ndi mapoyinti awiri okha, ndiponso bogi ikati yathawa isalunjike kumene kukudutsa sitima yothamanga. Nsonga ya poyinti yake yaloza kumanzere. Sitima yopita kumanzere imangopitirira pang'ono n'kubwerera m'mbuyo, kusiya bogi. Yopita kumanja iyenera kumasula mutu, kuzungulira kudzera pa njanji yaikulu, n'kukakankha kuchokera kumbuyo. Tayendetsa zonse ziwiri pa kompyuta ndipo zikutheka. Ntchito yozungulira imeneyi ndi imene idzachititse kuti kasiteshoni ka mapoyinti atatu kasatopetse.

Mafelemu ndi mizere ya pulaiwudi ya 100 mm m'lifupi, yopingasa pa 400 mm iliyonse. Mota ya Tortoise, yotembenuzira poyinti, ndi pafupifupi 51 kwa 51 mm, kutsika 83 mm, ndiye ibisika m'felemu, koma malo ake ali pansi pa kachitsulo kosuntha malilime a poyinti, pafupifupi 25 mm kuchokera pa nsonga. Tajambula kabokosi ka 60 mm pa malo atatuwo, ndipo palibe kakugunda felemu. Pali ena mwa ife amene akufuna waya wokoka ndi dzanja m'malo mwa mota, poti pa timasiteshoni totere mapoyinti amatembenuzidwa ndi munthu. Mabokosiwo akhale choncho kuti njira zonse ziwiri zitheke.

Sabata yachisanu ndi chitatu: kusindikiza pa saizi yeniyeni

Thabwa limodzi la 1200 kwa 600 limadya mapepala a A4 pafupifupi 20. Palibe chifukwa chosindikiza onse. Sankhani okhawo amene pali mapoyinti, makona ndi polumikizira. Yatsani zizindikiro zolumikizira mapepala, ndipo jambulani pa pulani kamzere ka 100 mm koti muyeze ndi rula.

Kamzere kathu koyamba kanatuluka 97 mm. Makina osindikizira anali pa Fit to page, imene imafinya chithunzi kuti chikwane m'malire a pepala. 3 mm pa 100 zimaoneka zochepa, koma pa thabwa limodzi ndi 36 mm, ndipo geji pa pepala inali 16 mm, mwakuti poyinti yeniyeni itaikidwa pamwamba sinagwirizane ndi chithunzi chake. Sankhani Actual size kapena 100 peresenti. Chachiwiri, musadalire kumata pepala ku pepala. Kuphonya theka la milimita pa pepala lililonse kumaunjikana. Lembani mzere umodzi wautali pa pulaiwudi ndi ulusi womangika, ikani zizindikiro pa 200 mm iliyonse, ndipo pepala lililonse lilunjikitsidwe ku mzerewo.

Tinayala mapepala pansi, kuikapo mapoyinti enieni ndi mabokosi a katoni odulidwa pa miyeso ya mabogi. Zinthu ziwiri zinaoneka zimene sikirini inabisa. Nyumba ya siteshoni ya mamita 12 kwa 5 ndi 188 kwa 78 mm, ndipo ndi khonde lake inkafuna malo ambiri kuposa amene analipo kumanzere, kumene njanji ili 250 mm kuchokera ku khoma. Taisunthira chakumanja kumene kuli 330. Chachiwiri ndi mlambe. Wa mamita 15 ndi 234 mm mu msinkhu, ndipo nthambi zake zimatambalala pafupifupi chimodzimodzi. Pa pulani unali kadontho kobiriwira. Pa katoni unaphimba theka la kona, chimene chatithandiza: milambe iwiri ndi chulu zitchinga pamene njanji ikuboola chinsalu cha kumbuyo kupita kobisika. Phanga la njanji sitiikapo. M'chigwa chimenechi lingakhale bodza loonekeratu.

Sabata yachisanu ndi chinayi: zogula, masilipa ndi magetsi

Parts List ya pulogalamu yapereka mapoyinti atatu: awiri opatukira kumanja, SL-E188, ndi imodzi ya kumanzere, SL-E189. Njanji yopindika ya SL-100F imabwera yotalika 914 mm. Pulani ikufuna pafupifupi mamita 9.3, ndiye zidutswa 10 ndi pang'ono. Tigula 12, chifukwa pa kona chitsulo cha m'kati chimatsala chachitali n'kudulidwa, ndipo zotsalira zazifupi sizigwira ntchito pa kona. Pulaiwudi ya 9 mm zitatu: imodzi ya siteshoni, ina ya makona, yachitatu ya mafelemu ndi mashelefu obisika. Kobisikako kulibe mapoyinti. Sitima iziima pa mathireyi a 750 mm onyamulika, okhala ndi zitsulo ziwiri za aluminiyamu zopindika ngati L, zotalikirana 16.5 mm. Sitima imodzi, mathireyi awiri.

Masilipa a Peco ndi pafupifupi 30 mm mu utali, zimene zikuyandikira mamita 2 mu sikelo yathu, koma athithikana kwambiri poti anawerengera HO. Pulogalamu siingakonze zimenezi. Ndi ntchito ya mpeni. Tembenuzani njanji, dulani timilatho ta pulasitiki tolumikiza silipa ndi linzake pansi pa chitsulo, chotsani otsala, n'kutalikitsa enawo pa 11 mm kuchokera pakati mpaka pakati, kutanthauza masentimita 70. Chidutswa cha 914 mm chimatenga masilipa 83. Pangani kachipeso ka katoni yolimba ka mano a 11 mm kuti musamayeze limodzilimodzi. Masilipa a mapoyinti sasunthika, ndiye yambani kuthithikitsa pang'onopang'ono masilipa asanu kapena asanu ndi limodzi musanafike pa poyinti kuti kusinthako kusaonekere.

Mapoyinti amenewa ali ndi frog (pamene zitsulo ziwiri zimakumana ngati V) ya chitsulo yonyamula magetsi, yabwino kwa mutu woyenda pang'onopang'ono, koma zitsulo ziwiri zotuluka pa frog ziyenera kulumikizidwa ndi zolumikizira za pulasitiki, SL-111. Mapoyinti atatu, zolumikizira zisanu ndi chimodzi. Kuiwala chimodzi pa njanji yopatukira, imene imalandira magetsi mbali zonse, ndi shoti nthawi iliyonse poyinti ikatembenuzidwa. Tazilemba pa Layer ya magetsi ndi timizere tofiira, pamodzi ndi malo a mawaya: chidutswa chilichonse cha chitsulo chikhale ndi waya wakewake wa 0.5 mm² wotsikira ku mawaya awiri aakulu a 1.5 mm² a pansi pa thabwa. Zolumikizira za chitsulo, SL-110, ntchito yake ndi kulunjikitsa zitsulo. Fumbi ndi guluu wa miyala zikalowamo magetsi amayamba kudukiza.

Za mipata: chitsulo cha 914 mm chimatalika pafupifupi 0.3 mm kutentha kukakwera ndi madigiri 20. Choopsa kwambiri ndi thabwa, limene limafufuma m'dzinja n'kufota m'chilimwe. Njanji yokhomedwa mothina mu Febuluwale imapindika yokha mu Okutobala. Pa polumikizira pena paliponse powongoka tisiya mpata wa 0.5 mm, ndipo pulaiwudi ipakidwa penti mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe njanji isanaikidwe. Pa makona zolumikizira ziwotchereredwe njanji idakali yowongoka, kenako ipindidwe yonse pamodzi. Ikalumikizidwa itapindika kale pamatsala chigongono.

Polumikizira pa 900 ndi pa 4500 njanji ikudutsa itapindika, mopendekeka pafupifupi madigiri 10. Pamenepa tikhoma masikulu a mkuwa awiriawiri mbali iliyonse ya mpata, mitu yake ipalidwe kufika pa msinkhu wa pansi pa chitsulo, chitsulo chiwotchereredwe pa masikuluwo matabwa ali omangidwa pamodzi ndi mabawuti, ndipo kudula kubwere pomaliza, ndi kasowo ka mano osalala. Mukadula musanawotcherere, chitsulo chimabwerera kowongoka.

Chotsala tisanadule pulaiwudi: kuyesa bogi ya anthu ya katoni, yokhala ndi mawilo ndi zolumikizira zenizeni, pokankha chobwerera m'mbuyo kudutsa poyinti ya kumanzere, kona yobwerera ndi poyinti ya kanjanji ka katundu. Pakati pa kona yobwerera ndi poyinti yachiwiriyi pali 70 mm yokha yowongoka. Ndi radius ya 1200 ndi 1524 ziyenera kudutsa, koma ikakana, poyintiyo isunthira pa 2370 ndipo kanjanji ka katundu katsala ndi mabogi awiri.